Mwendo wa Kumunsi kwa Phiri

Inu amene mumadutsa mumsewu wa ku Makwasa muli pawindo la minibasi, maso ali pa minda ya tiyi yobiriwira mpaka kumapiri, takhazikani mtima pansi pang'ono. Pakati pa minda imeneyo pamakhala munda umodzi umene m'nyengo yozizira umaoneka wakuda ndi wometedwa, ngati wapsa ndi moto. Mukayang'anitsitsa m'mundamo muona bambo wamfupi atawerama ndi mpeni wokhota, akudula nthambi. Akamasuntha kuchoka pa chitsamba china kupita pa china, phewa lawo lakumanzere limatsika kenako n'kukwera. Amenewo ndi a Bizwick Namaona, odulira tiyi. Dzina lawo silinamvekepo pa wailesi. M'tchalitchi amakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, kuti mwendo upeze potambasukira. Koma Iye amene saiwala ngakhale mpheta anaona chaka chimene bambo amenewa anasowa mtendere chifukwa cha mapazi a mwana wawo, ndipo nkhani yake ndi yoyenera kuimva.

Agogo awo a Bizwick anaoloka Ruo wapansi kuchokera ku Mozambique, kudzafuna ntchito m'maesiteti, ndipo a Bizwick anabadwira m'malayini, m'nyumba za antchito zija zondondozana kumunsi kwa phiri. Ali mnyamata panalibe wowaposa liwiro. Masiku amenewo mafoni kunalibe, choncho kapitawo akafuna kutumiza mawu ku fakitale ankangokuwa dzina lawo. Pa tsiku la masewera a esiteti ankasiya anzawo kutali, mpaka amayi kuimba nthungululu. Kenaka msongolo wakumanzere, fupa lakutsogolo kwa mwendo lija, unayamba kuwawa. Amuna anzawo anati ululu wa wothamanga umatuluka ndi thukuta, ndipo iwo anakhulupirira. Anathamangabe mpaka tsiku lina, ali pakati pa mpikisano, fupa linangoti thyo! Linapola mokhota. Kuchokera pamenepo sanavalenso kabudula. Buluku lalitali ndi jombo zinakhala khungu lawo lachiwiri, moti ana awo anakula osauonapo mwendowo poyera.

Liwiro lija silinafe. Linadumpha ana aamuna onse n'kukatera mwa chitsirizira, mtsikana dzina lake Eunice. Eunice atamaliza sukulu analowa ntchito yothyola tiyi pamodzi ndi mayi ake, a Joan, koma miyendo yake sinkakhutira ndi mizere ya m'munda. Anapambana mpikisano wa pa boma, ndipo akuluakulu a masewero anamuuza kuti kumapeto kwa nyengo yozizira apite ku mpikisano waukulu ku Blantyre, kumene matimu a m'tauni amasankhako othamanga oti awatenge. Kwa mwana wobadwira m'malayini limenelo linali khomo lotseguka, ndipo iye anadziwa kuti makomo otere sachedwa kutsekeka. Tsono anawonjezera mtunda mwadzidzidzi. Ankathamanga m'mawa asanasenze dengu, n'kuthamanganso madzulo anthu ataweruka, m'mimba muli tiyi wopanda mkaka ndi kachidutswa ka chinangwa. Ngakhale pa Sabata ankazemba mbandakucha, akumati Mulungu aona kuti ndi zakanthawi.

Njira yake inali imodzi: msewu wadothi wa mathirakitala umene umazungulira phiri lonse n'kubwereranso m'malayini. Msewuwo anaudula m'mbali mwa phiri, ndipo anaupendeketsa dala kuti madzi a mvula azitsetserekera kumunsi.

Mtendere wa a Bizwick unathera mumsewu womwewo. M'mawa wina wa chiperoni, nkhungu itaphimba mitengo ya bulugama ndipo dothi litafewa, anali kupita kukadulira pamene anaona mapazi a Eunice m'matope. Ankawadziwa bwino, pakuti nsapato za mwanayo anazisoka okha chidendene. Phazi lamanja linali litadinda lonse, lakuya ndi lodzidalira. Lamanzere linali litangokhudza, ngati la munthu woponda pa minga. Anawatsatira mapaziwo mpaka anapitirira munda wawo, ndipo nkhani inali yomweyo paliponse. Anaimirira m'nkhungumo, mpeni uli m'manja, namva msongolo wawo wakale ukugunda ngati wakumbukira.

Kuyambira tsikulo maso awo sanapume. Anaona kuti Eunice potsika pakhonde amatsogoza mwendo wamanja. Anamva fungo la mafuta otikitira m'chipinda chake. Anapeza kansalu ka chitenje kamene ankamanga nako mwendo m'kati mwa sokosi. Akamufunsa, yankho linali lofulumira mopitirira.

"Ndili bwino, ababa. Ndi kuzizira chabe."

Kumunda anayamba kudula mopanda muyeso, mpaka kapitawo anawafunsa ngati maso ayamba kuchita khungu. M'tchalitchi nyimbo ankaiyamba ndi anzawo n'kuitaya pakati. Chakudya ankachisiya chosatha n'kutuluka panja, kukaima, kubwerera, kutulukanso. A Joan anawauza kuti akuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Tsiku lina masana anakwera mpaka pamsika kukaona mnzawo wakale, Che Lajabu, mwini lole yonyamula nthochi kupita ku Limbe. Che Lajabu ndi amene analonjeza kudzamutenga Eunice tsiku la mpikisano, akhale kutsogolo ngati bwana. Anawapeza atagwada pambali pa lole, akumasula tayala.

"A Namaona! Nkhope imeneyo mwaitenga kumaliro a ndani?"

"Che Lajabu, mwana uja akuponda moopa. Ndaona m'matope."

"M'matope! Mwana akuuluka, anthu akuimba dzina lake, inu muli kalikiliki kuwerenga matope ngati mukulondola mbala ya nkhuku. Mwayamba liti upolisi?"

"Musaseke, achimwene. Ndi mwendo womwe uja. Wakumanzere."

Che Lajabu anasiya kuseka, chifukwa tsiku lija fupa linathyoka iwo analipo, ndipo anathandiza kunyamula. Anapukuta manja pa nsanza. A Bizwick, pofuna kubisa nkhope, anafunsa chifukwa chimene akuchotsera tayala losaphulika.

"Ili? Ndikulipititsa mbali inayo. Misewu yathu ino ndi yopendekeka, ndiye katundu yense amatsamira mbali imodzi. Ukapanda kusinthanitsa, tayala limodzi limadyeka lokha, linzake lili ndi mano onse. Kenako likuphulikira pa Thyolo pokwera, nthochi mbwee mumsewu, anyani kuchita ukwati."

Anaseka onse awiri, koma mawuwo anawatsatira a Bizwick potsika, ngakhale kuti anali asanadziwe powaika.

Mantha ndi mlangizi woipa, ndipo ngakhale munthu woopa Mulungu amawamvera nthawi zina. Madzulo amenewo a Bizwick anatenga nsapato za Eunice n'kuzibisa kudenga, kuseri kwa matumba a nandolo. Anaganiza kuti wopanda nsapato akhala pansi. M'mawa mwake Eunice anafunafuna, sanafunse munthu, ndipo anatuluka wopanda nsapato. Anazungulira phiri lonse pa miyala ndi dothi lozizira. Pobwera sanathenso kubisa. Analowa m'malayini akutsimphina anthu onse akuona, milomo italumana, ndipo anagwirabe ntchito tsiku lonse ndi dengu kumsana.

Linali Lachisanu. Dzuwa litapendeka, anthu akusesa mabwalo kukonzekera Sabata, bambo ndi mwana anakumana pakhonde.

"Nsapato zanga zili kuti, ababa?"

"Mwanawe, tamvera. Waona munda umene ndikudulira uja? Tiyi ukamuthyola chaka ndi chaka osamupumitsa, amatopa. Timamudula, n'kumusiya, anthu n'kumati wafa. Koma mvula ikabwera..."

"Ine sindine tiyi, ababa! Tiyi alibe mpikisano. Tiyi akaphonya chaka chino, chaka chamawa ali pomwepo. Ine ndikaphonya, atenga wina, ndipo ndidzakalambira m'mizere ngati aliyense. Kapena mukufuna zimenezo? Poti inu zinakukanikani?"

Mawu otsirizawo anagwa ngati mbale yadothi. A Joan anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja.

"Iwe Eunice, pakamwa! Ndi bambo ako amenewo. Nanunso abambo ake, mwabisa nsapato, mawa mubisa miyendo? Mwana wayenda pa miyala chifukwa cha nzeru zanuzo."

A Bizwick anakhala pansi m'mphepete mwa khonde. Anavula jombo yakumanzere pang'onopang'ono, napinda buluku mpaka m'bondo, dzuwa likuwala. Mwendowo unali wowonda, wotuwa chifukwa chosaona kuwala, ndipo pakati pa msongolo panali mfundo yaikulu pamene fupa linalumikizana mokhota. Eunice anayang'ana kumbali.

"Ayi, yang'ana. Bwera nacho chala chako."

Anagwira dzanja la mwana wawo n'kuika chala pa mfundoyo.

"Ululu unayambira apa. Poyamba unkawawa ndikayamba kuthamanga, thupi likatentha n'kuleka. Kenako unasiya kuleka. Kenako unayamba kuwawa ngakhale poyenda. Sunali ululu womwazikana ngati wa kutopa. Ndinkatha kuuloza ndi chala chimodzi. Tsono iwe, usandiyankhe ndi pakamwa. Loza pako."

Eunice anawerama, namasula kansalu kaja, naika chala pa msongolo wake wakumanzere, pamalo omwewo ndendende. Atasindikiza pang'ono anakoka mpweya ndi mano, misozi n'kutuluka yokha.

Pamenepo mawu a Che Lajabu aja anapeza malo ake m'mutu mwa a Bizwick, ndipo anamufunsa mwanayo:

"Ukamathamanga, phiri limakhala dzanja liti?"

"Lamanja."

"Masiku onse?"

"Masiku onse."

"Ndiye kuti wakumanzere ndi umene umakhala kumunsi, ukusenza thupi lonse. Bwanji suzungulira mbali inayo tsiku lina?"

Amene anayankha ndi a Joan, ndipo anayankha ngati afunsidwa chifukwa chimene madzi amatsikira kumunsi.

"Mbali inayo? Kuti pobwera akumane maso ndi maso ndi gulu lonse likupita kumunda? Muli azakhali ake mmenemo, muli anamkungwi ake, muli amayi a mpingo. Awadutse ali chiimire, thukuta kamukamu, osapinda bondo, osafunsa mmene adzukira? Mwana wanga ine? Ndinamuuza ndine: uzitsogola mbali imene anthu amapitira, iwo asananyamuke, ubwerere kumbuyo kopanda anthu."

A Bizwick anatseka maso. Nawonso mayi awo anawauza zomwezo zaka zambiri zapitazo, ndi mawu pafupifupi omwewo. Palibe mwana woleredwa bwino m'malayini amene akanathamanga modutsana ndi akulu, choncho othamanga onse a pamalopo, mbadwo ndi mbadwo, ankazungulira phirilo mbali imodzi. Ulemu ndi chinthu chokoma pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Koma apa ulemu unali utasenzetsa mwendo umodzi katundu wa miyendo iwiri, popanda wina wodziwa.

Sabata litapita, Che Lajabu anawatenga a Bizwick ndi Eunice pa lole kupita kuchipatala ku Makwasa. Dokotala wa mafupa, mayi wodekha, anamuuza Eunice kuti aime ndi mwendo wakumanzere wokha n'kudumpha. Eunice anayesa kamodzi, nagwira khoma. Atamujambula, dokotala anawakhazika pansi onse awiri.

"Fupa silinathyoke, koma layamba kung'aluka, kamng'alu kakang'ono ngati ka m'mbale. Msewu wopendekeka wathandizira, zimenezo mwaona bwino, bambo. Koma si wokha. Mwanayu wawonjezera mtunda mofulumira kwambiri, alibe tsiku lopuma, akusenza dengu tsiku lonse, ndiponso sakudya zokwanira ntchito imene akulipatsa thupi. Fupa ndi chinthu chamoyo. Limadzikonza lokha, koma limadzikonza munthu akapuma." Kenaka anawayang'ana a Bizwick pamwamba pa magalasi. "Zobisa nsapato zija musadzabwerezenso. Tsiku limenelo likanatha kumaliza zonse."

A Bizwick anaweramitsa mutu, navomera.

"Nanga mpikisano?" anafunsa Eunice ndi mawu aang'ono.

"Chaka chino ayi, mwanangu. Ukapita, mwina umaliza, mwina akunyamula. Ukapuma, mwendo uwu uli ndi zaka zambiri kutsogolo."

Musaganize kuti mtendere unabwera pomwepo. Pobwerera Eunice anayang'ana pawindo njira yonse. Kuntchito anamupatsa zokhala pansi, kusankha masamba pa shedi ya sikelo yoyezera tiyi, ndipo kunyumba ankayankha bambo ake ndi mawu amodziamodzi. M'mawa wa tsiku la mpikisano lole ya Che Lajabu inadutsa kumtunda itadzaza nthochi, mpando wakutsogolo uli wopanda munthu, ndipo Che Lajabu, amene amaliza hutala ngakhale kwa mbuzi, anadutsa mwakachetechete. Madzulo ake kunamveka kuti mtsikana wina, amene Eunice anamusiya kumbuyo pa boma paja, watengedwa ndi timu ya m'tauni. Eunice analowa m'chipinda osadya.

A Bizwick anabwerera ku kuzungulira kwawo. Funso linkawadya: kodi ndapulumutsa mwendo, kapena ndatseka khomo la mwana ndi manja anga? Bwanji akanapita n'kumaliza bwinobwino? Anapemphera, koma kumwamba sikunawatumizire yankho loti aligwire m'manja. Chimene anapatsidwa ndi ntchito yoti achite, ndipo kawirikawiri Ambuye amayankha motero.

Tsiku lina nthawi ya sikelo, amayi onse ataima pamzere ndi madengu awo, a Bizwick anafika pa shedi, navula chipewa, nakhala pansi pa dothi ngati mwana. Amayi anadabwa kuona bambo wa imvi atatero.

"Amayi anga, ndabwera kudzapempha. Mwana uja akachira ayenera kumazungulira phiri mbali zonse ziwiri, lero uku, mawa uko. Ndiye kuti masiku ena azikumana nanu maso ndi maso. Ndikupempha kuti mumumasule. Adutse osaima."

Panali phokoso. Mayi wina wachikulire, azakhali ake a Joan, amene mawu awo ankamveka mpaka ku fakitale, anaika manja m'chiuno.

"Atidutse ngati thirakitala? Ife tinamusambitsa ali khanda ameneyo!"

"Akhoza kukweza dzanja, amayi."

"Moni wa dzanja ndi wa madalaivala! Mwana wamkazi azitikwezera dzanja ngati akuimitsa minibasi?"

Amayi anaseka mpaka ena kugwira madengu. A Bizwick anadikira kuti kuseka kuthe. Kenaka, kachiwiri m'chaka chimodzi, anapinda buluku lawo poyera. Ambiri mwa amayiwo ankakumbukira mnyamata uja ankawaimbitsa nthungululu.

"Uwu ndi moni umene ine ndinapereka," anatero. "Sindikudandaula. Koma pa banja limodzi wakwana."

Azakhali aja anayang'ana mwendowo, nayang'ana Eunice amene anali pa mulu wa masamba, mutu uli pansi. Anapukusa mutu, nalankhula kaye m'Chilomwe ndi anzawo a msinkhu wawo, kenaka anatembenuka.

"Chabwino. Mwana sangadutse mkulu osalankhula, zimenezo sizisintha. Koma mkulu akayamba yekha kulankhula, n'kunena kuti pita, mwana alibe mlandu. Ndiye tiziyamba ndife. Koma madzulo azibwera kudzatipatsa moni wathu wonse, ndi bondo lomwe. Wamva, iwe wa miyendo?"

"Ndamva, anganga," anayankha Eunice, ndipo aka kanali koyamba kuti amwetulire chichokereni kuchipatala.

Mvula yoyamba itagwa, munda wometedwa uja unatulutsa timasamba tofiirira pa nthambi zonse. Dokotala anamulola Eunice kuyamba ndi kuyenda, kenako kuthamanga pang'ono n'kuyendanso, kuwonjezera mtunda mosafulumira. A Joan anayamba kumuikira phala la mtedza, mazira ndi usipa, akumalalata kuti nyumba ino yasanduka hotela. Pa Sabata nsapato zinkakhala pakhomo, pafupi ndi jombo za bambo ake, ndipo panalibenso wozemba.

M'mawa umene anazungulira koyamba phiri lili kudzanja lamanzere, a Bizwick anali m'gulu la opita kumunda, mtima uli m'mwamba. Anamuona akutulukira pokhota, akubwera molunjika kwa iwo. Anaona mapewa ake akuyamba kugwa ndi liwiro likuchepa, pakuti chizolowezi cha ubwana sichichoka ndi chilolezo cha tsiku limodzi. Bondo linali litayamba kale kupinda. Pamenepo mawu a azakhali aja anang'amba nkhungu:

"Pita, takuona!"

Amayi anapatukira uku ndi uku, madengu akugundana, ndipo mzere wonse unalandizana mawuwo mpaka kumapeto: pita, takuona, pita, takuona! Eunice anadutsa pakati pawo akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

A Bizwick anatsalira m'mbuyo, nawerama pa matope. Anayang'ana nthawi yaitali. Madzulo, Eunice atabwera kopereka moni wake khomo ndi khomo, anawapeza pakhonde akunola mpeni.

"Apolisi a matope, lero mwapeza chiyani?"

"Onse awiri adinda mofanana."

"Mawa mukayang'anenso, ababa," anatero, nakhala pansi pambali pawo.

Ngati khomo la ku Blantyre lidzatsegukanso, palibe akudziwa, ndipo a Bizwick salonjeza zimene sizili m'manja mwawo. M'mawa uliwonse dothi likafewa amayendabe maso ali pansi, ndipo mtima wawo umadumphabe akaona phazi lina ngati lapepuka. Mwina sadzaleka. Koma anyamata ndi atsikana a m'malayini amene ayamba kutsatira Eunice tsopano amazungulira phiri mbali zonse ziwiri, ndipo amayi amawakuwira mawu omwe aja.

Mulungu amene anapuma atatha ntchito yake, osati chifukwa chotopa koma kuti atiphunzitse ife otopa, adalitse a Bizwick Namaona. Adalitse mwendo wawo wokhota umene anaubisa zaka zambiri n'kuuvundukula chifukwa cha chikondi, ndipo awapatse tulo tabwino ndi mtima wokhazikika. Alimbitse mafupa a Eunice, nawongole njira yake kulikonse kumene idzapita. Nanunso owerenga, ngati pali mbali ya moyo wanu imene yasenza katundu yokha kwa nthawi yaitali osadandaula, Iye akupatseni munthu woona mapazi anu m'matope, akupatseni kudzichepetsa koti muime pamene muyenera kuima, ndipo pa tsiku loyenera mumve mawu okumasulani kuti mupite, pakuti mwaonedwa. Ameni.